MAKOLO, FODYA NDI MAYESO: MBIRI YA MAPHUNZIRO KWATHU KWA KAPELULA

 A mkonzi a kalata yathuyi anandipempha kuti ndilembeko za mbiri ya maphunziro kwathu kuno. Nditakhala pansi ndinaona kuti mbiri imeneyi siingalembedwe popanda kutchula anthu amene sanakhale nafe m'kalasi ngakhale tsiku limodzi, komatu ndiwo anaumba njerwa za makalasiwo. Ndikunena makolo athu. Tsono ndiloleni ndifotokoze m'mene makolo ndi sukulu akhala akuyendera limodzi m'boma lathu la Kasungu, makamaka pa nyengo ya mayeso, pakuti pamenepo mpamene ubale umenewu umaonekera ngati ulidi wolimba.

SUKULU ZA MISHONI

Sukulu zoyamba ku Kasungu zinabwera ndi amishoni a Livingstonia, ndipo m'zaka za m'ma 1920 ntchitoyi inaperekedwa m'manja mwa amishoni a ku Nkhoma. Boma la atsamunda linachedwa kulowererapo, popeza nthambi yake yoona za maphunziro inakhazikitsidwa mu 1926. Motero sukulu ya m'mudzi inali ya eni mudzi. Mfumu ikavomera, anthu ankadula mitengo, kumweta udzu ndi kumata chipupa, ndipo nyumba yomweyo inkakhala sukulu pakati pa sabata, nkukhala tchalitchi Lamulungu. Mfumu ikakana, mphunzitsi ankanyamula katundu wake nkupita kwina. M'midzi yambiri ya Achewa panali kukokana pakati pa sukulu ndi dambwe, chifukwa akuluakulu ankaopa kuti ana awo atayidwa ku mwambo wa makolo.

Tisaiwalenso kuti pa Chichewa kholo si bambo ndi mayi okha. Mwini mbumba ndi malume, ndipo kawirikawiri iye ndiye ankagamula ngati mwana apite ku sukulu kapena akawete mbuzi. Mbiri ya Dr. H. Kamuzu Banda imatikumbutsa zimenezi. Iwo anayamba sukulu patsinde pa mtengo wa kachere ku Mtunthama, nkupitiriza ku Chilanga. Nkhani imamveka kuti cha m'ma 1915 anatulutsidwa m'chipinda cha mayeso atangoimirira kuti aone bwino pa bolodi, woyang'anira naganiza kuti akuonera kwa anzawo. Atachoka kwawo wapansi, amene anakhala nawo pafupi ku Rhodesia ndi ku South Africa anali amalume awo, a Hanock Msokera Phiri. Mwana amene mayeso anamugwetsa anadzutsidwa ndi mbale wake.

Sukulu za sekondale zinali kutali ndiponso zowerengeka. Ya Blantyre inatsegulidwa mu 1940, ya Zomba Catholic mu 1942 ndipo ya Dedza mu 1951. Kuti mwana wa kuno akafike kumeneko, pankafunika kuti banja ligulitse ng'ombe, apo ayi pakhale mbale wotumiza ndalama kuchokera ku Joni kapena ku Halale.

NJERWA NDI FIZI

Dziko litalandira ufulu mu 1964, mawu amene anamveka ponseponse anali akuti chitukuko chodzithandiza. Komiti ya sukulu inkagawa ntchito mudzi ndi mudzi: awa aumbe njerwa, awa atute mchenga, amayi atunge madzi, ndipo pa Sabata ya Achinyamata ife ana tinkathandiza kunyamula njerwazo pamutu. Boma linkatumiza aphunzitsi ndi mabuku, koma nyumba ya mphunzitsi inkamangidwa ndi makolo. Pamwamba pa zonsezi panali fizi. Tonse tikukumbuka m'mawa umene aphunzitsi aakulu ankawerenga mayina a osalipira, anawo nkubwerera kunyumba makope ali m'manja.

Chipata chopapatiza chinali mayeso a Sitandade 8. Malo a ku sekondale anali ochepa kwambiri, kotero kuti mwana ankatha kukhoza bwino koma osasankhidwa. Ena ankabwereza kalasiyi katatu kapena kanayi, ena mpaka kusintha dzina ndi sukulu kuti aoneke ngati akulemba koyamba. Sukulu ya Kamuzu Academy itatsegulidwa ku Mtunthama mu 1981, ambiri a ife tinkangoimva mbiri, ngakhale ili m'boma lathu lomwe lino.

Pothawira pa ana osasankhidwa panali Malawi Correspondence College, imene inayamba mu 1965 ndipo mu 1987 inasanduka MCDE. Chaka chomwecho cha 1987 ndi chimene bungwe loyendetsa mayeso la MANEB linakhazikitsidwa. Sukulu za MCDE zinali za makolo kotheratu. Iwo ndiwo ankapempha kuti zitsegulidwe, iwo ndiwo ankamanga, ndipo aphunzitsi ake ambiri anali ochokera ku pulayimale. Tinkaphunzira ndi timabuku totchedwa maseti, timene tinkabwerekana mpaka kung'ambika. Ine ndine mmodzi wa ana amenewo, ndipo sindichita nazo manyazi.

FODYA NDI KALENDALA YA SUKULU

Munthu sangafotokoze za sukulu kwa Kapelula osatchula fodya. Lamulo la mbewu zapadera la 1972 linachititsa kuti fodya wa bale azilimidwa ndi eni maesiteti okha, ndipo alimi ang'onoang'ono analoledwa kuyamba kumulima mu 1990. M'zaka zimenezo maesiteti anachuluka ku Kasungu, ndipo anakoka mabanja ambiri a matenanti, ena ochokera kutali ku chigawo cha kummwera. Alimi a m'midzi ataloledwa, zigafa zinamera pakhomo ndi pakhomo. Ndalama za fizi zinayamba kupezeka, koma ntchito nayo inachuluka, pakuti fodya safuna dzanja limodzi. Pali kuthirira nazale, kuwokera, kupalira, kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa, kusankha ndi kudinda mabelo. Fodya yemwe ankalipira fizi ndi yemwenso ankamulanda mwana nthawi yowerenga.

Kalendala ya sukulu nayo inali ndi mbali yake. Pamene tinkayamba Sitandade 1, chaka cha sukulu chinkayamba mu Okutobala, makolo atagulitsa kale mbewu. Chapakati pa zaka za m'ma 1990 chinasinthidwa kuti chiziyamba mu Januwale. Kwa mlimi wa fodya uku kunali kuwawa, chifukwa fizi inkafunika mwezi wa njala, ndalama zitathera ku feteleza, okushoni ya ku Kanengo isanatsegulidwe. Mayeso a Fomu 4 nawo ankagwa cha mu Okutobala ndi Novembala, nthawi ya dzuwa loswa mtengo, pamene nazale imafuna madzi m'mawa ndi madzulo.

Mu 1994 boma la a Bakili Muluzi linathetsa fizi ku pulayimale, ndipo chiwerengero cha ana chinakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Chinali chinthu chabwino, ndipo ana ambiri a matenanti anaona m'kalasi koyamba. Koma panabukanso maganizo akuti popeza sukulu ndi yaulere, tsopano ndi ya boma, ndipo ena anayamba kukana kuumba njerwa ponena kuti imeneyo ndi thangata. Kumapeto kwa 1998 sukulu za MCDE zinasandutsidwa ma CDSS. Dzina linasintha, koma mabuku, nyale ndi chakudya zinakhalabe pa mapewa a makolo.

MSONKHANO WA 1999

Kalasi yathu inalemba MSCE mu 1999. Mwezi wa Ogasiti aphunzitsi aakulu anaitanitsa msonkhano wa makolo pansi pa mtengo wa pabwalo, ndipo ife a Fomu 4 tinaloledwa kukhala kumbuyo nkumamvetsera. Anapempha zinthu zitatu: kuti tikhululukidwe ku nazale kwa masabata asanu ndi limodzi, kuti banja lililonse lipereke ndowa ya chimanga ndi botolo la parafini, ndiponso kuti anyamata azigona m'kalasi pamene atsikana azisungidwa m'makomo a pafupi ndi sukulu.

Sizinavomerezedwe msanga. Bambo wina anaimirira nati, "Aphunzitsi, mwanena bwino, koma nazale ikauma, chaka chamawa fizi ya ang'ono ake idzachokera kuti?" Funsoli linali loona, ndipo anthu anang'ung'udza movomereza. Anakambirana mpaka dzuwa kupendeka. Pomaliza a nyakwawa ena anati mudzi uliwonse ugawane ntchito ya ana ake a mayeso monga momwe timachitira pa maliro, pamene munthu safunsa kuti manda akumbidwa ndi yani.

Kwathu keni yanga yothiririra inatengedwa ndi amalume. Anali munthu wamkulu kale, wosadziwa kulemba dzina lake. Nditapita kukawathokoza anandiyankha kuti, "Mphwanga, ine ndithirira fodya, iwe kathirire mutu wakowo. Ukalephera usadzanamizire keni." Amayi ankabwera Loweruka lililonse ndi ufa, mfutso ndi nsinjiro, ndipo sanandifunsepo ngati ndidzakhoza. Ankangofunsa ngati ndikudya ndiponso ngati ndikugona. Lero mpamene ndimazindikira kuti mafunso amenewo anali anzeru kuposa malangizo ambiri amene ndinalandira. Tsiku limene dzina langa linamveka pa wailesi ya MBC pakati pa osankhidwa kupita ku Chancellor College, amalumewo anali kudimba, ndipo anakauzidwa ndi ana.

Komabe pali chinthu chimene chimandivutitsa mpaka lero, ndipo a kalasi yathu achikumbukira. Amene ankatiposa tonse pa masamu anali mtsikana wina, mwana wa tenanti. Makolo ake sanabwere ku msonkhano uja chifukwa uthenga unadzera kwa mafumu, ndipo matenanti analibe mfumu kuno. Atawerengerana ndi mwini esiteti, banja lake linapezeka kuti latsala ndi ngongole, ndipo mu Sepitembala linanyamuka kubwerera kwawo. Mtsikanayo anali atalipira kale ndalama za mayeso. Chimene chinkafunika chinali khomo limodzi lokha loti limusunge miyezi iwiri. Palibe anaganizako, ngakhale ife anzake. Pa tsiku la mayeso mpando wake unali wopanda munthu, ndipo sitinamvenso za iye. Timakonda kunena kuti mwana wa mnzako ndi wako yemwe, koma chaka chimenecho mwambiwu unathera pa malire a mudzi.

ZAKA ZOTSATIRA

Amene anatitsatira anakumana ndi zokhoma zawo. Mu 2000 mayeso a MSCE anathetsedwa atabedwa, ndipo ophunzira analembanso ena. Njala ya 2001 mpaka 2002 inakantha Kasungu koopsa, makalasi nkutsala opanda ana. M'nyengo imeneyo ndi pamene William Kamkwamba wa kwa Wimbe, anansi athu, anasiya sekondale chifukwa chosowa fizi, nayamba kuwerenga yekha mabuku a m'laibulale yaing'ono mpaka kupanga makina a mphepo opangira magetsi. Dziko lonse linamudziwa, koma anzake ambiri amene anasiya naye limodzi sanabwererenso.

Mu 2010 chaka cha sukulu chinabwerera koyambira mu Sepitembala. Izi zinapepuza makolo pa nkhani ya ndalama, koma zinaika mayeso a Sitandade 8, a JCE ndi a MSCE m'miyezi yosankha, kudinda ndi kugulitsa fodya ku Chinkhoma kapena ku Kanengo. Funso la bambo uja silinathe ayi, langosamuka kuchoka ku nazale kupita m'chigafa. Mayeso a JCE anaimitsidwa atalembedwa komaliza mu 2016, nkubwereranso mu 2021. Mu Malichi 2020 sukulu zonse zinatsekedwa chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo atsikana ambiri anatenga mimba kapena kukwatiwa ali pakhomo. Mu Novembala chaka chomwecho mayeso a MSCE anathetsedwanso ali mkati chifukwa chobedwa, nkulembedwa mu Januwale 2021. Kholo limene limapatsa mwana ndalama yogulira likasa lidziwe kuti likuvulaza mwana wake pamodzi ndi ana a eni ake amene anawerenga moona mtima. Chaka cha 2021 chomwecho Nyumba ya Malamulo inathetsa ulimi wa matenanti, koma mabanja oyendayenda pofuna maganyu m'minda ya fodya akadalipo, ndipo ana awo ali m'makalasi athu.

PEMPHO LANGA

Mbiri yonseyi ikuonetsa kuti maboma asintha, mayina a sukulu asintha, kalendala yasintha, koma mwana wa kwa Kapelula wakhala akukhoza mayeso pamene wina pakhomo wamusenzera ntchito yake. Ambiri a ife tsopano ndife makolo ndi amalume, ndipo udindo uja wafika pa ife.

Choncho ndikupempha kuti pa msonkhano wathu ukubwerawu tikambirane zinthu zitatu. Choyamba, tigule nyale zoyendera dzuwa za a Fomu 2 ndi a Fomu 4, kuti parafini ndi koloboyi zitsale m'mbiri. Chachiwiri, mayeso asanayambe ena a ife tikakhale nawo pa msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, osati kukalamula, koma kukathandiza kuyankha funso la amene atsale m'chigafa mwana akamawerenga. Chachitatu, ndipo ichi ndicho chachikulu kwa ine, tipemphe aphunzitsi aakulu atipatse chiwerengero cha ana a mayeso amene makolo awo si a kuno kapena ali pafupi kusamuka, kuti tiwapezere makomo owasunga nthawi idakalipo. Ine ndayankhula kale ndi alongo anga kumudzi, ndipo avomera kusunga atsikana awiri chaka chino.

Amalume anga anatisiya zaka zingapo zapitazo, koma keni yawo ija ikadali pakhomo, yodontha pansi. Aliyense wa ife ali ndi munthu wotere amene anamuthiririra nazale. Ngati akadali moyo, mukapita kumudzi kamuoneni.

Ndine mnzanu wa kalasi ya 1999,
Lilongwe.