Mkondo ndi Chishango m'Dera la Chadiza

Dera la Chadiza, lomwe lili m'malire a Zambia ndi Mozambique, ndi kwawo kwa Achewa a mafumu Zingalume, Mwangala ndi Mlolo. Kalelo chida chachikulu cha Mchewa chinali uta ndi mivi, ndipo mdani ankamulasa ali chapatali monga nyama pa uzimba.

Kamenyedwe kena kanabwera ndi Angoni a Zwangendaba, amene anawoloka Zambezi mu Novembala 1835, tsiku la kadamsana. Mtunduwo utagawikana pa imfa ya Zwangendaba, gulu la mwana wake Mpezeni linadzakhazikika chakufupi, m'dera la Chipata. Wankhondo wa Chingoni ankagwira chishango cha chikopa cha ng'ombe kumanzere, kumanja mkondo waufupi wobayira, osati woponya, ndiponso chibonga. Luso lake linagona pa kuyandikira: kulandira mivi ndi chishango uku akuthamanga, kukankhira pambali chida cha mdani, kenako kubaya pomwe pasiyidwa poyera. Anyamata ankayambira kubusa, komwe ankamenyana ndi ndodo, ndipo akakula ankalowa m'magulu a amsinkhu umodzi. Pankhondo gulu lapakati linkagunda maso ndi maso pamene magulu awiri ankazinga mbali ndi mbali ngati nyanga za ng'ombe.

Pabwalo loyera uta sunkatha kupikisana ndi zimenezi. Achewa anayankha pomanga malinga, pothawira m'mapiri ndi pogula mfuti zagogodera kwa amalonda ochokera ku Tete. Koma gogodera ankachedwa kuthira onga, choncho mkondo unalamulirabe mpaka Januwale 1898, pamene asilikali a Britain ochokera dziko lomwe lero ndi Malawi anafika ndi mfuti za Maxim ndi mizinga. Chishango chimene chinkaimitsa muvi sichinathe kuimitsa chipolopolo. Nsingo, mwana wa Mpezeni amene ankatsogolera nkhondoyo, anagwidwa n'kuwomberedwa. Ng'ombe zikwizikwi za Angoni zinalandidwa, ndipo mwambo wawo wa Nc'wala unaleka mpaka 1980.

Ku Ulaya luso la lupanga linayenda njira yofanana. Ku Spain, buku la Jerónimo de Carranza lomwe linasindikizidwa mu 1582 linayala maziko a Destreza, kamenyedwe kophunzitsa kuyeza mtunda ndi kuponda mozungulira mdani m'malo momulunjika. Mfuti zitachuluka, lupanga linasanduka la masewera, ndipo mu 1896 linalowa m'mipikisano ya Olimpiki. Masiku ano ena amabwerera ku mabuku akalewo pofuna kunola kamenyedwe kawo.

Angoni analibe mabuku otere. Luso lawo linasungidwa m'gule wa ingoma. Kuponda kwamphamvu, kukweza chishango ndi kugwedeza chibonga ndi mayendedwe a wankhondo. Amaoneka bwino pa Nc'wala ku Mtenguleni, Loweruka lomaliza la Febuluwale, pamene magulu a ovina amadutsa pamaso pa Inkosi ya Makosi Mpezeni.