Galimoto Ikatitimira M'matope: Zoyambitsa, Kapewedwe Kake ndi Njira Zoitulutsira

Kutitimira kwa galimoto m'matope ndi vuto la chaka ndi chaka m'maboma a kumalire a chigawo cha Tete, monga Angónia, Tsangano, Macanga, Chifunde ndi Marávia. Mvula m'madera amenewa imayamba cha mu Novembala n'kulekeza kumapeto kwa Malichi kapena mu Epulo, ndipo imagwa yambiri kuyambira Disembala mpaka Febuluwale. Misewu ikuluikulu, monga N7 wopita ku Zóbuè, N304 wochoka pa Mussacama kudzera ku Ulónguè mpaka ku Calómuè, ndi N9 wopita ku Cassacatiza, ndi ya phula. Koma yambiri yolowa m'midzi ndi m'minda ndi ya dothi. Nyengo yomweyi ndi pamene feteleza wobereketsa amafunika kumunda, kabichi, tomato ndi nyemba zimafunika kufika kumsika, ndiponso odwala ndi amayi oyembekezera amafunika kufika kuchipatala. Galimoto ikagona m'matope, katundu amaonongeka, ndipo nthawi zina anthu amavulala kapena kufa poikoka molakwika.

Chimene chimachitika galimoto ikamatitimira

Galimoto imayenda chifukwa matayala amagwira pansi. Matope akadzaza m'mizere ya tayala, limasalala n'kuyamba kuzungulira pamalo amodzi. Likamazungulira choncho limakumba dzenje, ndipo galimoto imatsika pang'onopang'ono mpaka mimba yake itakhala pansi. Zikafika apa matayala sanyamulanso kulemera kwa galimoto, ndiye ngakhale injini ilire chotani palibe chimene chimasuntha.

Pakati pa matayala awiri pali chipangizo chotchedwa difu, chimene chimalola kuti tayala lina lithamange kuposa linzake pokhota. Kuipa kwake m'matope n'kwakuti tayala limene lili poterera ndi limene limazungulira, pamene limene laponda pouma limangoima. N'chifukwa chake ngakhale galimoto ya 4x4 imatha kutitimira: tayala limodzi lakutsogolo ndi limodzi lakumbuyo amangozungulira, ena awiriwo ali chilili. Galimoto zina, komanso mathirakitala ambiri, zili ndi loko wa difu amene amakakamiza matayala onse awiri kuzungulira limodzi.

Mitundu ya dothi

Katondo, dothi lofiira limene lili ponseponse kumtunda kwa Angónia ndi Tsangano, limaterera kwambiri likanyowa koma pansi pake pamakhala polimba. Choopsa chake ndi kutsetsereka n'kugwera m'ngalande, makamaka pachitunda ndi potsetsereka. Makande, dothi lakuda la m'madambo, limamata ndipo limalowa kwambiri. Pamwamba pake pamatha kuoneka pouma pansi pali phala. Mchenga wonyowa wa m'mbali mwa mitsinje umanyamula galimoto ikamayenda, koma umaimeza ikaima kapena matayala akayamba kukumba. Malo amene pamera udzu wobiriwira kwambiri, mabango kapena pamene pakutuluka kasupe ndi chizindikiro cha lowe, ndipo si poyenera kupondapo.

Zida zoyenera kukhala m'galimoto

Woyendetsa wa m'misewu ya kumudzi asanyamuke m'dzinja opanda khasu, fosholo, chikwanje, jeke imene pa Chipwitikizi amati macaco, thabwa lochindikala loikapo jekeyo, matabwa awiri aatali, lamba wokokera kapena unyolo wolimba, mpope wa matayala, tochi, lona lophimbira katundu ndi madzi akumwa. Foni ikhale ndi moto, ndipo kunyumba adziwe njira imene wadzera ndi nthawi imene akuyembekezeka kufika.

Asanalowe pamatope

Woyendetsa aime pouma, atsike, ndipo ayende wapansi malo onsewo akupima kuya kwake ndi mtengo. Aonenso ngati m'matopemo mulibe zitsa kapena miyala. Mizere imene yasiyidwa ndi malole kapena mathirakitala imakhala yakuya, moti galimoto yaing'ono ikaitsata mimba yake imakwera pa mtumbira wa pakati. Anthu a m'mudzi wapafupi ndiwo amadziwa mbali yolimba, choncho ndi bwino kuwafunsa.

Magiya a 4x4 aikidwe galimoto isanalowe, osati itatitimira kale. Pa galimoto zimene zili ndi maloko pa matayala akutsogolo, monga Toyota Land Cruiser zambiri ndi Hilux zakale, maloko onse awiri atembenuzidwe ndi manja, apo ayi matayala akutsogolo sakoka. Pa matope akuya pamafunika giya yaing'ono ya 4L, nambala yachiwiri kapena yachitatu. Liwiro likhale limodzimodzi, osathamanga, osaima ndiponso osasintha giya pakati. Galimoto zikakhala zingapo, ziwoloke imodziimodzi kuti ina ikatitimira inzake ikhale pouma yoti n'kuikoka.

Ikatitimira

Choyamba ndi kuchotsa phazi pa mafuta. Kupitiriza kuliza injini kumakumba dzenje, kumapsereza kilachi ndi kutentha matayala. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Woyendetsa awongole matayala akutsogolo, kenako ayese kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono m'mizere imene analowera. Ikasuntha pang'ono, angathe kuigwedeza kutsogolo ndi kumbuyo mosinthana kuti njira italike. Zikakanika kawiri kapena katatu, asiye ndipo atsike.

Chachiwiri ndi kupeputsa galimoto. Anthu onse atsike, katundu atsitsidwe. Matumba 20 a makilogalamu 50 ndi tani imodzi yathunthu, ndipo nthawi zambiri kutsitsa kokhako kumakwanira. Feteleza, mbewu ndi ufa ziikidwe pa mitengo kapena pa miyala ndi kuphimbidwa ndi lona, chifukwa feteleza akanyowa amasungunuka kapena kuundana.

Chachitatu ndi kukumba. Matope achotsedwe kutsogolo kapena kumbuyo kwa tayala lililonse, kumbali imene galimoto itulukire, mpaka pakhale kanjira kokwera pang'onopang'ono. Achotsedwenso pansi pa difu ndi pansi pa mimba ya galimoto. M'kanjiramo muikidwe miyala, nthambi, mapesi, udzu wouma kapena matabwa, zolowetsedwa bwino kunsi kwa tayala.

Ngati tayala lalowa kwambiri, likwezedwe ndi jeke yoikidwa pa thabwa, dzenje likwiriridwe ndi miyala, kenako litsitsidwe. Zichitike choncho tayala limodzilimodzi. Munthu asalowe kunsi kwa galimoto imene ili pa jeke, ndipo asaike dzanja pansi pa tayala, pakuti jeke imaterera mosavuta m'matope.

Kuphwetsako matayala kumathandiza chifukwa tayala limaponda malo aakulu. Pa galimoto yaing'ono ya 4x4 yopanda katundu, mpweya ungatsitsidwe kufika cha pa 1.5 bar. Kupitirira kwambiri apo tayala lingathe kuvuka pa chitsulo chake. Izi zichitike pokhapokha mpope ulipo, ndipo matayala apopedwenso asanasenze katundu kapena kuthamanga.

Okankha aime m'mbali, osati kumbuyo kwenikweni kwa tayala, chifukwa limaponya miyala ndi matabwa mwamphamvu. Pachitunda munthu asaime kumunsi kwa galimoto. Ana akhale patali. Wopereka zizindikiro akhale mmodzi yekha, ndipo aime pamene woyendetsa akumuona.

Kukoka ndi galimoto ina, thirakitala kapena ng'ombe

Ngozi zoopsa kwambiri zimachitika pokoka. Galimoto imene yamira mpaka mimba imafuna mphamvu yoposa kulemera kwake kuti izuke, chifukwa matope amaiyamwa. Choncho kukumba ndi kutsitsa katundu kuyenera kuchitika ngakhale wokoka atapezeka.

Chingwe chimangidwe pa ngowe zokokera zimene zinamangidwa pa chitsulo chachikulu chonyamula galimoto. Chisamangidwe pa bampala, pa zitsulo za chiwongolero, kapena pa kampira kachitsulo kokokera ngolo. Kampirako kamatha kuthyoka n'kuuluka ngati chipolopolo, ndipo kapha anthu m'maiko ambiri. Malamba awiri asalumikizidwe ndi chitsulo pakati, chifukwa lamba akaduka chitsulocho ndicho chimaponyedwa.

Unyolo ndi waya sizitamuka. Wokoka ayende pang'onopang'ono mpaka zikungike, kenako akoke mofatsa, osatsomphola. Kukoka kothamangira kumaloledwa ndi lamba wotamuka wopangidwira ntchitoyo basi. Pakati pa chingwe pakolekedwe thumba lonyowa kapena bulangete kuti chikaduka chigwere pansi. Anthu onse aime patali kuposa kutalika kwa chingwecho kawiri, ndipo wina asachidumphe chikakungika. Kukoka kukhale kolunjika, wokokayo ali pouma, ndipo woyendetsa galimoto yotitimirayo athandize ndi injini mofatsa.

Thirakitala ikoke ndi chitsulo chake chokokera chimene chili m'munsi. Unyolo ukamangidwa pamwamba pa ekiselo yakumbuyo, kutsogolo kwa thirakitala kumanyamuka ndipo imagadabuka chagada n'kupsinja woyendetsa. Izi zimachitika m'masekondi osakwana awiri, nthawi yosakwanira kudumpha.

Ng'ombe za pangolo zingathe kuzula galimoto yaing'ono imene yakumbidwa kale ndi kutsitsidwa katundu. Unyolo ukhale wautali kuti ng'ombe ziponde pouma, ndipo mwini wake ndiye azitsogolere. Injini isalizidwe mwamphamvu chifukwa zimadzidzimuka, ndipo galimoto ikazuka woyendetsa aponde mabuleki msanga kuti isazigunde. Ngolo ikatitimira, mankhwala ake ndi kutsitsa katundu ndi kukumba. Kukwapula ng'ombe kumangozivulaza m'khosi ndi m'miyendo.

Kugwiritsa ntchito winchi

Galimoto imene ili ndi winchi ingathe kudzikoka yokha. Chingwe chimangidwe m'munsi mwa mtengo waukulu wamoyo, pogwiritsa ntchito lamba wotambalala kuti khungwa lisasupuke. Pa mpukutu wa winchi patsale mapindo osachepera 5. Wogwira waya avale magolovesi, ndipo injini ikhale ikulira kuti batire isathe. Popanda mtengo, tayala lapadera lingakwiriridwe m'dzenje lakuya n'kumangapo chingwe.

Thirakitala ikatitimira yokha

Woyendetsa akweze kapena amasule pulawo kapena ngolo, aponde loko wa difu matayala ataima, ndipo atuluke chobwerera m'mbuyo. Kukakamira kutsogolo matayala akumbuyo atagwidwa ndi matope kumanyamula kutsogolo kwa thirakitala. Mchitidwe womanga chipika pa matayala akumbuyo kuti agwire ndi woopsa: chipikacho chikakodwa pansi thirakitala imagadabuka, ndipo chikazungulira chimamenya woyendetsa.

Madzi oyenda

Matope amachedwetsa ulendo, koma madzi oyenda amapha. Madzi othamanga akuya masentimita 15 amagwetsa munthu wamkulu, a masentimita 30 amanyamula galimoto yaing'ono, ndipo a masentimita 60 amakokolola ngakhale galimoto ya 4x4. Madzi akaphimba mlatho sizidziwika ngati mlathowo ulipobe. Mu Januwale 2022, pa nthawi ya namondwe Ana, mtsinje wa Revúbuè unasefukira n'kugumula mlatho pakati pa mzinda wa Tete ndi Moatize, ndipo mkulu woyang'anira boma la Tete anamwalira galimoto imene anakwera itakokoloka ndi madzi. Mitsinje ing'onoing'ono ya kumapiri imadzaza msanga komanso imaphwa msanga, choncho kudikira ndiyo nzeru.

Galimoto ikatitimira m'khwawa kapena pamchenga wa mumtsinje kumtunda kukugwa mvula, anthu atuluke n'kukwera kumtunda asanayambe kuganiza za katundu. Injini ikazima m'madzi isalizidwenso, chifukwa madzi akalowa mkati amapinda zitsulo zake. Ikokedwe ili yozima ndipo makaniko aione kaye. Ogona m'galimoto yotitimira asasiye injini ikulira, pakuti paipi ya utsi ikatsekeka ndi matope utsi wakupha umalowa mkati, ndipo mpweya woipawo sununkha.

Ikatuluka

Woyendetsa ayende pang'onopang'ono akupondaponda mabuleki kuti aume. Achotse loko wa difu ndi magiya a 4x4 asanakwere msewu wa phula, chifukwa pa galimoto zambiri kuyenda nawo pouma kumaononga magiya ndi matayala. Matope atsukidwe kunsi, m'mabuleki ndi pa radiyeta asanaume. Oyilo wa m'difu kapena m'bokosi la magiya akaoneka ngati mkaka ndiye kuti mwalowa madzi, ndipo asinthidwe msanga.

Kumvana ndi anthu a m'deralo

Malipiro a okankha, a mwini thirakitala kapena a mwini ng'ombe akambidwe ntchito isanayambe kuti pasakhale mkangano pambuyo pake. Galimoto yonyamula wodwala ithandizidwe msanga, za ndalama zikambidwe pambuyo. Woyendetsa asalambalale matope podutsa m'munda wa munthu, kapena kudula mitengo ya mwini, osapempha kwa mwini wakeyo kapena kwa amfumu. Maenje amene akumbidwa akwiriridwe, ndipo zipika ndi miyala ikuluikulu zichotsedwe mumsewu kuti zisavulaze a njinga ndi a njinga zamoto usiku.

Msewu kapena mlatho ukaonongeka, nkhani ikaperekedwe kwa atsogoleri a m'deralo ndi ku ofesi ya boma kuti ifike ku ANE, bungwe loona za misewu. Zanyengo zimalengezedwa ndi INAM, ndipo machenjezo a madzi osefukira amaperekedwa mogwirizana ndi INGD, bungwe loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Woyendetsa amve machenjezowa pa wailesi asananyamuke, ndipo mvula ikagwa usiku wonse adikire kuti msewu uyambe wauma.