Mmene Yankho Linaphunzirira Njira Yobwerera ku Chikale

M'masiku amene amuna a Chitonga ankapita ku Halale ndi ku Joni kukasaka ntchito, monga anachitira Clements Kadalie wa ku Chifira amene anayambitsa bungwe la apantchito ku Cape Town m'chaka cha 1919, mayi wotsala pa gombe la Chikale ku Nkhata Bay, akalembetsa kalata kwa mphunzitsi wa mishoni, ankadziwa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, pakuti yankho linkayenda pa njanji ndi pa sitima ya pamadzi, ndipo nthawi zina silinkafika konse. Waya wa telegalamu wa kampani imene Cecil Rhodes anakhazikitsa mu 1892 unali utadutsa kale ku Nkhata Bay pa ulendo wake wa ku Karonga, koma mawu ake anali a mtengo wapatali, oyenera aboma, amalonda ndi uthenga wa maliro.

Intaneti inafika m'Malawi mu 1997, ndipo lero mdzukulu wa mayi uja, atakhala pa mchenga womwewo, amafunsa pa foni nayankhidwa asanaphethire. Womuyankhayo ndi kompyuta yotchedwa seva, imene mwina ili ku Lilongwe kapena ku Johannesburg, ndipo mwambo wake ndi wa kalaliki wa pa positi: siyamba kulankhula, koma imakhala tcheru usana ndi usiku kufikira wopempha atagogoda. Pempho lililonse limanyamula keyala ya mwini wake pamodzi ndi nambala ya khomo limene latulukira. Popanda zimenezi seva, ngakhale ikhale ndi nzeru za Solomo, singadziwe kobwezera mawu.

Dongosolo limeneli, lotchedwa TCP, analilongosola Vint Cerf ndi Robert Kahn mu 1974, ndipo chimene ine ndimalilemekezera si liwiro lake, koma kusakhulupirira kwake njira. Seva imaduladula yankho m'zidutswa, nipatsa chilichonse nambala, nizitumiza. Foni nayo imavomereza kuti zakutizakuti zafika, ndipo chidutswa chimene sichinavomerezedwe, mwina chifukwa netiweki yafooka kuseri kwa mapiri ozinga doko la Nkhata Bay, chimatumizidwanso. Ngakhale chofunidwacho chitasowa, seva ya masamba a pa intaneti sikhala duu, imabweza nambala 404, kutanthauza kuti palibe, ulemu umene machona ambiri a ku migodi anamana akazi awo.