Mamita 800: mtunda umene anakaniza akazi kwa zaka 32

Mamita 800 ni kuzungulila bwalo kawili cabe. Koma kwa zaka 32 akazi sanali kuloledwa kuthamanga mtundawu pa maseŵela a Olympics. Anauthamanga koyamba mu 1928 ku Amsterdam, ndipo Lina Radke wa ku Germany ndiye anapambana. Manyuzipepala analemba kuti othamangawo anafika pothela ali lefu, akuluakulu a maseŵela n'kugamula kuti thupi la mkazi silingakwanitse. Mpikisanowu unabwelela mu 1960 ku Rome.

Amene anatsutsa bodza limeneli kuno kwathu ni mneba wathu wa ku Mozambique. Maria Mutola anabadwa mu 1972 ku Maputo, ndipo anakula akuchaya bola na anyamata m'komboni ya Chamanculo. A José Craveirinha, mlakatuli wochuka, anaona liwilo lake n'kumupeleka kwa mwana wawo Stélio, amene anali kuphunzitsa zothamanga. Mu 1988, ali na zaka 15, Maria anathamanga mamita 800 ku Olympics ya ku Seoul. Anagwa m'cigawo coyamba. Mu 1991 anapatsidwa mwayi wa sukulu ya sekondale ku Springfield, m'dziko la America, kumene mphunzitsi Margo Jennings anamusula. Mu 1993 anakhala katswili wa dziko lonse, ndipo mu 2000 ku Sydney anatengela Mozambique mendulo yake yoyamba ya golide.

Onani msinkhu. Ku Sydney komweko Catherine Chikwakwa wa ku Malawi anathamanga mamita 5,000 ali na zaka 15. Pamela Jelimo wa ku Kenya anatenga golide wa mamita 800 mu 2008 ali na zaka 18. Luso limeneli limaonekela mwana akali kuvala yunifomu.

Nanga ise? Zambia ili na mamendulo atatu a Olympics: Keith Mwila wankhonya mu 1984, Samuel Matete mu 1996, na Muzala Samukonga mu 2024. Onse ni amuna. Si kuti atsikana aliwilo kulibe. Racheal Nachula anathamanga mamita 400 ku Beijing mu 2008, koma ambili timamudziŵa ngati wosewela wa Copper Queens. Bola ili na matimu, maligi na malipilo, ndiye mtsikana waliwilo amapita kumene kuli njila.

Kuno ku Kafue timadziŵa mmene njila imadukila. Tauni yathu inakula na mafakitale, makamaka Nitrogen Chemicals na Kafue Textiles. Monga ku migodi ya ku Copperbelt kumene Matete anacokela, makampani ndiwo anali msana wa maseŵela. Pamene Textiles inatseka ndipo Nitrogen inafooka, makolo anataya nchito, maseŵela nawo anatsala amasiye. Lelo catsala ni sukulu. Mtsikana wa ku Shikoswe kapena Zambia Compound amapambana pa mpikisano wa masukulu, mwina wopanda na nsapato. Timamuombela m'manja, n'kubwelela ku nyumba. Caka camawa sitifunsa kumene ali: kaya ni nchito za pakhomo, kaya mimba, kaya anangosoŵa womuuza kuti apitilize.

Bwalo labwino lothamangilapo lilipo ku OYDC mu Lusaka kuyambila 2010, ulendo wa basi cabe. Cimene cisoŵa ni munthu wa pakati, monga a Craveirinha. Foni iliyonse ili na wochi yoyezela nthawi. Pa mpikisano wotsatila tiyeni tiime pothela, tilembe dzina, giledi na nthawi ya mtsikana aliyense wa mamita 800 na 1,500. Ife a pa wailesi tidzaziŵelenga pa mphepo, ndipo aphunzitsi azipeleke kwa a Zambia Athletics. Kocha sangabwele ku Kafue cifukwa ca mphekesela yakuti "kuli mwana wothamanga". Angabwele akamva mphindi na masekondi.