Ganyu ndi maola ogwirira ntchito

Ganyu ndi ntchito yomwe munthu amalipidwa akangoimaliza, monga kupalira kapena kutola thonje m'minda ya ku Chitala, m'boma la Salima. Waganyu amadzisankhira yekha nthawi: amalawirira mbandakucha dzuwa lisanayambe kuswa mtengo, n'kuweruka akatha ndime yomwe anapangana ndi mwini munda.

Lamulo la ntchito la 2000 limati wolembedwa ntchito akapyola maola 48 pa sabata alandire malipiro owonjezera, komanso azipuma tsiku limodzi pa sabata. Waganyu ndi wakabaza, omwe mgwirizano wawo ndi wapakamwa chabe, kawirikawiri lamuloli siliwafika.

Nkhani yomweyi ilinso kwa madalaivala oitanidwa pa foni. Mu 2021 khothi lalikulu kwambiri la ku Britain linagamula kuti madalaivala a kampani ya Uber ndi antchito, oyenera tchuthi cholipidwa.