Mitengo Yoyenda pa Mtokoma

Makolo athu, amene sankagula nkhuku asanaigwire pachifuwa ndi kuiyesa kulemera kwake m'manja, akadamva kuti kutsidya kwa nyanja kuli anthu otumiza ndalama m'kalata kwa munthu wosamudziwa nkhope, kuti awatumizire mtengo umene sanauonepo, umenenso chipatso chake adzachilawa patapita zaka zinayi kapena zisanu, akadapukusa mitu nanena kuti amenewo agula mbereko mwana asanabadwe. Koma malonda otere akhala akuchitika ku England ndi ku America kwa zaka zoposa 200, ndipo chimene chawachirikiza ndi dzina la mwini nazale, pakuti kamtengo ka m'phukusi sikangathe kudzichitira umboni.

Ku Flushing, pafupi ndi New York, banja la a Prince linali ndi nazale yotchuka, ndipo m'chaka cha 1771 William Prince anasindikiza chipepala chotchula mitengo yazipatso imene anali nayo, kuti wokhala kutali asankhe ndi kuitanitsa. Mbiri ya mundawo inawanda kotero kuti George Washington, ali pulezidenti, anakauyendera mu 1789, ngakhale kuti, monga zikhalira ndi zinthu zotamandidwa kwambiri, anabwerako osakhutira.

Chopinga chachikulu masiku amenewo chinali ulendo. Mbande zinkafera pa sitima chifukwa cha mchere wa m'nyanja ndi kusowa madzi, kufikira pamene dokotala wina wa ku London, Nathaniel Ward, anazindikira kuti chomera chotsekeredwa m'bokosi lagalasi chimadzithirira chokha ndi chinyezi chake, natumiza mabokosi otere ku Sydney mu 1833, zomerazo n'kufika zamoyo. Ife a kuno kuvuta kwa maulendo oterowo tikukudziwa, popeza mwa mbande zitatu za khofi zimene Jonathan Duncan anabwera nazo ku mishoni ya Blantyre kuchokera ku Edinburgh mu 1878, imodzi yokha ndiyo inapulumuka. Tsono mu 1840, pamene kalata inayamba kuyenda dziko lonse la Britain ndi sitampa ya khobidi limodzi, njanji nayonso itafika ku Reading, Martin Hope Sutton, wogulitsa mbewu m'tauniyo, anaona khomo lotseguka, nayamba kutumiza timabuku ta mitengo ya katundu wake ndi mapaketi a mbewu kwa anthu amene sakadafika konse pa sitolo yake.

Katumizidwe ka mitengo n'kofunika kukaona pafupi. Mtengo umakumbidwa m'nyengo yachisanu, utayoyola masamba ndi kugona tulo. Dothi amalisansa lonse kuti phukusi lipepuke, mizu amaikulunga m'ndere kapena m'udzu wonyowa, namangirira kachikwangwani ka dzina pa thunthu. Wogula, amene miyezi yonse ya chisanu wakhala akusirira chithunzi cha maapozi ofiira psuu m'kabuku, amamasula chingwe napeza kandodo kouma konga mkwapulo wa mbusa wa mbuzi; amanyika mizu m'ndowa, amakumba dzenje, amabzala, ndipo chotsala n'kudikira. Apa m'pamene anthu osaongoka mtima anapezerapo mpata, pakuti kandodo ka mtengo wabwino ndi ka mtengo wachabe n'zofanana m'maso. Ambiri ananyengedwa ndi ogulitsa oyendayenda onyamula zithunzi zokongola, nazindikira mochedwa kuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Nthawi zina mtokoma unkayenda chobwerera. Mu 1914 mlimi wina wa ku West Virginia anatumiza maapozi achikasu ku nazale ya abale a Stark ku Missouri. Paul Stark atalawa, ananyamuka ulendo wautali kukafuna mtengowo m'mapiri, naugula ndi madola 5,000, naumangira khola lachitsulo kuti wina asabepo nthambi yokamezanitsa. Maapozi otchedwa Golden Delicious, amene ndi ife tomwe timawaona m'masitolo, ndiwo zidzukulu za mtengo umodzi umenewo.

Komabe walira mvula walira matope. Njira imene inayendetsa mitengo yokoma inayendetsanso nthenda, ndipo pano, m'kuona kwanga, m'pamene dzina labwino la wogulitsa linaperewera, pakuti munthu angakhale woona mtima chotani sangachenjeze za chinthu chimene iye mwini sakuchiona. Mbande za mtengo wa chestnut zochokera ku Japan, zimene anazale ankagulitsa uku ndi uku, zinabwera ndi chiwawu chimene chinaoneka ku New York mu 1904. Boma la America linakhazikitsa lamulo loyendera mbande zolowa m'dziko mu 1912, koma madzi anali atatayika kale, ndipo pofika cha m'ma 1950 mitengo mabiliyoni ya chestnut ya m'nkhalango za kum'mawa kwa dzikolo inali itauma. Zitsa zake zikuphukabe kufikira lero, ndipo mphukirazo zikangokula pang'ono, nthenda ija imazipezanso.