Sankadziwa kamera, koma chithunzi chake chinakhala mboni

Sabata ino ndikulankhula makamaka ndi inu amene mwangogula kamera yatsopano ndipo mwayesapo kujambula ndege ikudutsa. Zimene zimatuluka mukuzidziwa: kadontho kakuda pakati pa mitambo, kapena mchira wokhawokha, mutu utatuluka kale m'chithunzi. Musanaibweze m'katoni kamerayo, tamvani mbiri ya chithunzi cha ndege chotchuka kuposa zonse, chifukwa amene anachijambula anali mbuli pa kamera kuposa inu.

Linali tsiku la 17 Disembala 1903, ku Kill Devil Hills, pafupi ndi Kitty Hawk m'chigawo cha North Carolina ku America. Ndi malo a mchenga m'mphepete mwa nyanja, ndipo m'mawa umenewo kunkawomba chimphepo chozizira. Amuna awiri apachibale, Wilbur ndi Orville Wright, amene kwawo ku Dayton ankapanga ndi kukonza njinga, anali atatulutsa ndege yawo ya matabwa ndi nsalu. Odzaonerera analipo asanu basi. Mmodzi wa iwo anali John T. Daniels, wogwira ntchito yopulumutsa anthu pa ngozi za panyanja. Bambo ameneyu anali asanajambulepo chithunzi chibadwire.

Kamera inali ya abale aja, ya mtundu wa Korona, chibokosi choima pa miyendo itatu. Inalibe filimu, inkajambula pa galasi lopakidwa mankhwala, ndipo galasi limodzi chinali chithunzi chimodzi. Orville anaiimika yekha, n'kuilozetsa kumapeto kwa kanjanji kamene ndege inkathamangirapo, pamalo amene ankayembekezera kuti inyamukira. Kenako anapatsa Daniels kampira kolumikizidwa ku kamera, n'kumuuza kuti akaona ndege yachoka pansi, afinye. Maphunziro ake onse anali omwewo.

Nthawi ya 10:35 ndege inanyamuka, Orville atagona chafufumimba pa phiko la m'munsi, Wilbur akuthamanga pambali. Inakhala m'malere masekondi 12, n'kuyenda mamita 37. Daniels anatengeka nazo kwambiri moti pambuyo pake sankakumbuka bwino ngati anafinya kampira kaja kapena ayi. Panalibe poti n'kuyang'ana kumbuyo kwa kamera ngati mmene timachitira ife. Yankho linadikira mpaka mu Januwale 1904, pamene abale aja anatsuka galasilo kwawo ku Dayton. Ndege inalimo, itangochoka pansi, Wilbur ali chilili kudzanja lamanja.

Mwina mukuti, nanga chithunzi chimodzi chili ndi chiyani, si ndege inaulukadi? Taonani zimene zinachitikira maumboni ena a tsikulo. Anauluka kanayi, ndipo ulendo womaliza Wilbur anatha masekondi 59. Orville anatumiza telegalamu kwa bambo awo, koma pofika ku Dayton 59 uja anali atasanduka 57. Nyuzipepala ina ya ku Norfolk inalemba kuti ndegeyo inauluka mtunda wa pafupifupi makilomita asanu, bodza lenileni. Ndege yeniyeniyo nayo sinaulukenso: masana omwewo chimphepo chinaigubuduza, Daniels anayesa kuigwira n'kukodwa m'kati mwake, iye anapulumuka koma ndege inathyoka. Chimene chinatsala chosakokomeza ndiponso chosachepetsa ndi galasi lija.

Ndipo umboni unadzafunikadi. Kwa zaka zingapo anthu ambiri, makamaka ku Ulaya, ankati abale a Wright ndi abodza, chifukwa ankabisa ndege yawo poopa kuberedwa nzeru. Chithunzi cha Daniels chinasindikizidwa koyamba mu 1908, chaka chimene Wilbur anakauluka poyera ku France. Panalinso ena olimbirana nawo ulemuwo. Nyuzipepala ina ya ku Bridgeport inalemba kuti Gustave Whitehead anauluka mu 1901, zaka ziwiri a Wright asanatero, koma nkhaniyo inatsagana ndi chojambula pamanja, ndipo chithunzi cha ulendowo sichinapezeke mpaka lero. Bungwe la Smithsonian nalo kwa nthawi yaitali linkakweza ndege ya mkulu wake wakale, Samuel Langley, imene inagwera mu mtsinje wa Potomac pa 8 Disembala 1903. Orville zinamupweteka mpaka anatumiza ndege yake ku Science Museum ku London mu 1928. Inabwerera ku America mu 1948, mwini wake atamwalira kale. Pa mikangano yonseyi galasi la Daniels linangokhala phee, likusonyeza zomwezo. Ngakhale madzi osefukira a mu 1913 ku Dayton, amene anafika pamene ankasunga magalasi awo, sanachifafanize. Lero lili ku Library of Congress ku Washington.

Nanga kamera yanuyo inachokera kuti? Mu 1975, injiniya wa kampani ya Kodak, Steven Sasson, anapanga kamera yoyamba ya digital yonyamulika. Inkalemera makilogalamu oposa atatu ndi theka, inkajambula zakuda ndi zoyera zokha, ndipo inkatenga masekondi 23 kusunga chithunzi chimodzi pa kaseti. Werengani nokha: ulendo wa Orville ukanatha, chithunzi chisanafike n'komwe pa kaseti. Yanuyo imajambula zithunzi zingapo pa sekondi imodzi. Koma apa m'pamene ambirife timagwera. Poti zithunzi n'zaulere, timangowomba mwachisawawa, kudalira kuti pa zana limodzi chimodzi chikhala bwino.

Daniels sanapambane chifukwa cha chala chake. Ntchito yaikulu anaigwira Orville ndege isanayambe kuyenda: anadziwa kumene idutsire, anaika kamera pamenepo, n'kudikira. Inunso yambani ndi zomwezo. Ndege imanyamuka ndi kutera moyang'anana ndi mphepo, ndiye mukadziwa kumene mphepo ikuchokera mwadziwa kumene ndege itulukire. Dzuwa likhale kumbuyo kwanu, apo ayi mujambula mthunzi wokha. Masana kukatentha, mpweya wa pamwamba pa phula umanjenjemeretsa chithunzi, choncho m'mawa ndi madzulo ndiye nthawi yabwino.

Kenako phunzirani za shutter, kachitseko kamene kamatseguka kuti kuwala kulowe. Pa ndege ya jeti kaikeni kothamanga, monga 1/1000 ya sekondi, kuti chithunzi chisachite chimbuuzi. Pa ndege ya pulopela, liwiro limenelo limaimitsa pulopela, ndege n'kumaoneka ngati injini yazima m'malere. Tsitsani mpaka cha pa 1/250 kapena kuchepera apo, ndipo muziitsatira ndegeyo ndi thupi lonse, kutembenukira m'chiuno, osaima ngakhale mutadina kale. Zoyamba zidzaipa ndithu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chinthu china abale a Wright sanavutike nacho pa mchenga paja, koma inu muvutika nacho: chilolezo. Mu Novembala 2001, anthu 12 a ku Britain ndi awiri a ku Netherlands okonda kuonerera ndege anamangidwa ku Kalamata m'dziko la Greece atafika pa bwalo la ndege za nkhondo, ndipo anaimbidwa mlandu wa ukazitape. Anawapeza osalakwa patatha chaka. Ndiye mukafika ku Chileka kapena ku Lumbadzi kamera ili m'khosi, yambani mwafunsa oyang'anira bwalo pamene mungaime, ndipo za asilikali zisiyeni.

Pomaliza, sungani zimene mwajambula, ndipo lembani tsiku ndi malo. Galasi la Daniels latha zaka zoposa 120. Zithunzi zathu zambiri zimafa ndi memori khadi, kapena zimapita ndi foni yobedwa mu minibasi. Ndege imene mukuiona ngati ya masiku onse, pakatha zaka makumi awiri sidzakhalaponso, utoto wake udzasintha, mwina kampani yake idzatha, ndipo mwana wofuna kudziwa mmene inkaonekera adzafunsa amene anasunga.

Amene mwayesapo kale, tiuzeni: chithunzi chanu choyamba cha ndege chinatuluka bwanji, ndipo mudakali nacho?